Galasi la telesikopu likamatentha poyang'ana dzuwa: yankho kwa aphunzitsi a ku Ulongué

Funso lachokera kwa aphunzitsi a sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Ulongué, m'boma la Angónia. Akuti: "Sukulu yathu ili ndi telesikopu ya magalasi. Galasi lalikulu ndi la mamilimita 150, ndipo pamgolo palembedwa 750. Usiku mwezi umaoneka bwino kwambiri. Tinayesa kuonetsa ana dzuwa poponya chithunzi chake papepala loyera. Poyamba chinaoneka, koma patapita mphindi zochepa chinayamba kuwira ngati madzi a pamoto, kunamveka fungo la pulasitiki yopsa, ndipo kagalasi kakang'ono ka kukamwa kanapendekeka. Kodi ndi kutentha kwa kuno ku Tete? Tiike ayezi kumbuyo kwa galasi? Nanga matelesikopu akuluakulu a dzuwa amatani kuti asapse?"

Aphunzitsi, tisanapite patali: telesikopuyo musailozetsenso kudzuwa mpaka mutaika sefa yoyenera, yochepetsa kuwala kwa dzuwa, kukamwa kwake. Mwana mmodzi akanangoika diso pamene panapsa pulasitikipo, diso likanaonongeka nthawi yomweyo, ndipo mkati mwa diso mulibe chomvera ululu choti chimuchenjeze. Ayezi musaike. Kutentha kwa ku Tete nakonso si kumene kwakulakwirani. Galasi likhoza kugwira ntchito bwinobwino pa madigiri 40 ngati mpweya wolizungulira ulinso pa madigiri 40. Chimene chimaononga chithunzi ndi kusiyana kwa kutentha: galasi kusiyana ndi mpweya, kapena nkhope ya galasi kusiyana ndi kumbuyo kwake.

Tiyambe ndi kuwerengera zimene zinalowa mumgolo tsiku limenelo. Masana kumwamba kukayera, dzuwa limathira mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita iliyonse yoyang'anizana nalo. Galasi lanu la mamilimita 150 limatola mawati pafupifupi 18. Si ochuluka. Vuto ndi loti ntchito ya galasilo ndi kusonkhanitsa kuwala konseko pamalo amodzi. Nambala ya 750 ija ndi mtunda, m'mamilimita, kuchokera pagalasi kufika pamene kuwala kumakumanira, pamene timati pafokasi. Kukula kwa chithunzi cha dzuwa pafokasi mumakupeza pogawa mtundawo ndi 109, ndiye kwa inu ndi kadontho ka mamilimita 7. Pakadontho kameneka kuwala kumakhala kwamphamvu pafupifupi ka 400 kuposa dzuwa la pabwalo. Pepala limayaka, pulasitiki imasungunuka. Fungo munamva lija linachokera m'kagalasi koonerapo, kamene mumaikapo diso, chifukwa tambiri ta masiku ano timakhala ndi mphete za pulasitiki mkati komanso malenzi omatidwa ndi guluu.

Kagalasi kopendekeka kaja kanavutika mwa njira yake. Galasi la telesikopu limapakidwa aluminiyamu wopyapyala kwambiri pankhope, ndipo aluminiyamu watsopano amabweza kuwala pafupifupi 88 mpaka 90 pa 100. Kotsalako amamwa, n'kusanduka kutentha. Galasi lalikulu limamwa mawati ngati 2, omwazikana pankhope yonse. Kagalasi kakang'ono kamamwa ofananako, koma kali pamene kuwala kwayamba kale kupanikizana kupitirira ka 10, ndipo thupi lake ndi laling'ono. Kamatentha msanga, zomatira za kumbuyo kwake zimafewa, kenako kamasuntha.

Tsopano kuwira kwa chithunzi. Mumaona momwe mpweya umavinira pamwamba pa msewu wa tala masana mukamatsikira ku Moatize, kapena pamwamba pa denga la malata. Mpweya wofunda ndi wopepuka kuposa wozizira, ndipo kuwala kukamadutsa m'mipweya iwiriyi kumakhota pang'ono mosiyana. Nkhope ya galasi ikafunda kuposa mpweya, pamakhala kampweya kofunda komatirira pankhopeyo, kokhuthala mamilimita ochepa, kamene kamanyamuka m'timafunde kukwera mumgolo. Kuwala kumadutsa m'kampweya kameneka kawiri, popita kugalasi ndi pobwerera. Ndiye ngakhale digiri imodzi kapena awiri amaoneka pachithunzi. Aluminiyamu amaonjezera vutoli, chifukwa chitsulo chonyezimira sichitaya kutentha mosavuta pochita kuulutsa. Pafupifupi konse kumatuluka kudzera mumpweya umene wakhudza nkhopeyo, kapena kumalowerera m'galasi.

Kumene kwalowerera m'galasiko kumabweretsa vuto lachiwiri. Galasi silipatsirana kutentha msanga, choncho nkhope imafunda kumbuyo kukadali kozizira. Nkhope imafutukuka, galasi limapindika. Pagalasi wamba lokhuthala mamilimita 20, la kukula ngati lanuli, kusiyana kwa digiri imodzi yokha pakati pa nkhope ndi kumbuyo kumasuntha fokasi pafupifupi theka la milimita. Kumeneko mukhoza kukonza potembenuza chofokasira. Chimene simungakonze ndi kupindika kosafanana, m'mphepete mukazizira mosiyana ndi pakati, poti nkhope ya galasi la telesikopu imayenera kulondola mpaka kachigawo kochepera 1 pa 10,000 ka milimita. Ichi n'chifukwa chake mtundu wa galasi uli wofunika. Pa digiri iliyonse, galasi wamba la mawindo limafutukuka magawo 9 pa miliyoni, la mtundu wa Pyrex magawo 3.3, la silika woyengeka theka la gawo limodzi, ndipo Zerodur, yopangidwa ndi kampani ya Schott ya ku Germany, pafupifupi siifutukuka n'komwe.

Matelesikopu akuluakulu sangachite zimene ndikulangizeni pansipa, zotseka kuwala pakhomo, chifukwa amafuna kuwala kochuluka kuti ayeze maginito a dzuwa ndi kujambula mofulumira. Ndiye amalola moto wonse kulowa n'kulimbana nawo mkati. Njira yakale inali yochotsa mpweya wonse mumgolo: popanda mpweya palibe chovina. Dunn Solar Telescope ya ku Sacramento Peak, ku New Mexico, imene inayamba ntchito mu 1969, ndi ya mtundu umenewu, ndi Swedish Solar Telescope ya pachilumba cha La Palma, imene lenzi yake ya pafupifupi mita imodzi ndiyonso chitseko chotsekera mpweya kunja. Njirayi imathera pomwepo. Chitseko cha galasi chikakula kupitirira apo chimayenera kukhuthala kwambiri kuti chipirire kukankha kwa mpweya wakunja, ndipo nacho chimayamba kufunda ndi kupotoza chithunzi.

Opanga anatembenukira ku matelesikopu otseguka, oti mphepo izidutsa pagalasi n'kumasesa kampweya kofunda kaja. GREGOR ya ku Tenerife, ya mamita 1.5, imene inatsegulidwa mu 2012, ili ndi denga lopindika ngati tenti limene limatsitsidwa lonse, ndipo galasi lake limaziziritsidwa ndi mpweya wopemerera kumbuyo. Yaikulu kuposa onse ndi Daniel K. Inouye Solar Telescope, pa phiri la Haleakalā ku Hawaii, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000. Galasi lake ndi la mamita 4, la Zerodur, ndipo limatola makilowati pafupifupi 13, ofanana ndi maketulo a magetsi asanu ndi limodzi akuwira nthawi imodzi. Taonani momwe anagawira ntchito yolimbana ndi kutenthako. Galasilo analipanga lokhuthala mamilimita 75 okha, lopyapyala kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, kuti kuzizira kwa kumbuyo kuzifika pankhope msanga, ndipo kumbuyoko kuli timipope topemerera mpweya wozizira. Zerodur imaletsa kupindika, koma siiletsa nkhope kufunda, ndiye kupemererako n'kofunikabe. Pafokasi yoyamba, pamene chithunzi cha dzuwa ndi chachikulu ngati kukamwa kwa kapu ndipo chingathe kusungunula chitsulo, anaikapo chotchinga chachitsulo chonyezimira chozizitsidwa ndi madzi oyenda mkati mwake. Chili ndi kabowo kolola kachigawo kakang'ono ka dzuwa kudutsa, ndipo kuwala kopitirira 95 pa 100 kumathera pomwepo. Galasi lachiwiri, limene limakhala pafupi ndi motowo, analipanga ndi silicon carbide, imene imapatsirana kutentha mofulumira pafupifupi ka 100 kuposa galasi. Nyumba yonse ili ndi mapaipi a madzi ozizitsa otalika makilomita oposa 11, ndipo ayezi amapangidwa usiku kuti azizizitsa madziwo masana. Ayezi ameneyu sakhudza galasi. Makina amayeza mpweya wakunja nthawi zonse n'kusunga nkhope ya galasi pa kutentha kofanana nawo kapena kutsikirapo pang'ono. Zithunzi zake zoyamba, za mu Januwale 2020, zinaonetsa tinthu ta makilomita pafupifupi 30 pankhope ya dzuwa.

Inu muli ndi mwayi umene iwo alibe: mukhoza kuletsa kutentha kusanalowe. Sefa ya dzuwa imaikidwa kukamwa kwa mgolo, kutsogolo kwa magalasi onse. Yodziwika kwambiri ndi kapepala konyezimira kotchedwa Baader AstroSolar, ndipo yoonera ndi maso ndi yolembedwa OD 5.0, kutanthauza kuti imalola gawo limodzi pa 100,000 la kuwala. Ilipo ina yolembedwa 3.8, imeneyo ndi ya kamera yokha, si ya diso. Sefa ya 5.0 ikakhala pakhomo, mawati 18 aja amatsala kachigawo kochepera 1 pa 1,000 ka wati imodzi, ndipo magalasi anu onse awiri sadziwa n'komwe kuti akuyang'ana dzuwa. Ngati m'bokosi la telesikopu munapezamo kagalasi kakuda kopotera pakagalasi koonerapo, kolembedwa kuti ndi ka dzuwa, katayeni. Kamakhala pafokasi penipeni, kamatentha, ndipo kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Galasi lodetsedwa ndi mwaye, filimu ya ekisileyi, CD, pepala lonyezimira la mabisiketi, zonsezi si sefa. Zina zimachepetsa kuwala kooneka koma zimalola kotentha kosaoneka kudutsa. Magalasi oonera kadamsana nawonso ndi a maso okha, osati oyang'anira m'telesikopu.

Simufunika sefa yaikulu ngati kamwa lonse. Dulani chivindikiro cha katoni yolimba chokwana kukamwa kwa mgolo, chokhala ndi khosi lolowa kunja kwa mgolo masentimita 5 kapena kuposa. Boolani bowo lozungulira la mamilimita 45 mpaka 50 chakumbali, pakati pa timiyendo togwira kagalasi kakang'ono, kuti kuwala kusagunde kagalasiko kapena timiyendoto. Matelesikopu ena amabwera ndi chivindikiro chokhala ndi kabowo kotere kale. Kapepala ka sefa kaikeni pakati pa mphete ziwiri za katoni, komatidwa ndi tepi yomata mbali zonse, ndipo musakakoke kuti kathine. Makwinya ochepa saononga chithunzi, koma kukoka kumaononga. Kunja kwa chivindikiro kukhale koyera. Mukachiveka, chimangeni ndi tepi malo atatu, chifukwa mphepo ya pachitunda cha Angónia kapena dzanja la mwana likhoza kuchichotsa. Tsiku lililonse musanachigwiritse ntchito, chiyang'anitseni kuwala: ngati mwaona kung'ambika kapena kubooka, sinthani kapepalako. Katelesikopu kolozera ka pambali kavindikireni kapena kachotseni, ndipo dzuwa muzilipeza poyang'ana mthunzi wa mgolo pansi. Ukafupika n'kukhala wozungulira, mwalipeza.

Mwina mukudandaula kuti bowo laling'ono likuchotserani zambiri. Limachotsa zochepa. Bowo la mamilimita 50 limasiyanitsa tinthu ta makilomita pafupifupi 1,700 padzuwa, ndipo masana ambiri mpweya wa dziko sumalola kuona zochepera makilomita 1,000 mpaka 2,000 pa telesikopu wamba ngati yanu, ngakhale mutatsegula kamwa lonse. Madontho akuda a padzuwa, amene ana akufuna kuona, amakhala a makilomita masauzande ambiri, ena kuposa dziko lathu lapansi. Palinso phindu lina limene anthu salitchula kawirikawiri. Mgolo wachitsulo wa mamilimita 750 ukafunda ndi madigiri 10 umatalika pafupifupi gawo limodzi pa 10 la milimita, wa aluminiyamu kawiri kake. Kamwa lonse likakhala lotseguka, fokasi imalakwika mukangosuntha ndi 0.03 ya milimita, ndiye mumangokhalira kukonza. Ndi bowo la 50, malire amenewa amakula pafupifupi ka 9, ndipo chithunzi chimakhala pafokasi ana onse a m'kalasi mpaka atatha kuona.

Sefa ikatha ntchito yake, kutentha kotsala kumachokera kuwiri: mgolo ndi kumene telesikopu inagona. Mgolo wakuda kapena wofiira umamwa dzuwa m'mbali n'kufunditsa mpweya wa mkati. Upakeni penti yoyera kunja, kapena ukulungeni ndi nsalu yoyera kapena pepala lolimba loyera, mkati mukhalebe mwakuda. Penti yoyera imaposa chitsulo chonyezimira chosapaka, chifukwa imabweza dzuwa komanso imataya kutentha. Khudzani lata lonyezimira ndi khoma lopaka laimu masana mudzamva kusiyana. Pamene simukuyang'ana, tembenuzani mgolo kapena uphimbeni ndi ambulera.

Za kogona: telesikopu yotuluka m'chipinda cha malata chotseka, kapena m'galimoto imene inaima padzuwa, imakhala ndi galasi lofunda kuposa mpweya ndi madigiri ambiri. Iikeni panja pamthunzi, kumbuyo kwake kuli kotsegula, kwa mphindi 30 mpaka 60 musanayambe. Fani imafupikitsa nthawiyi. Ya mukompyuta yakale, ya mavoti 12, ya mamilimita 80, ndi yokwanira. Iikeni kumbuyo kwa galasi izipemerera pagalasipo, ndipo muipachike pa malegeni, osati kuimanga ndi mabawuti, kuti kunjenjemera kwake kusafike pachithunzi. Batire laling'ono la sola kapena la njinga yamoto liyendetsa tsiku lonse. Mpweya umafunika potulukira: ngati chivindikiro chatseka kamwa lonse, siyani fani igwire ntchito pamthunzi chivindikiro chisanavekedwe, kenako muichepetse mphamvu kapena muizimitse poyang'ana. Musaboole timabowo pachivindikiro kuti mpweya uzituluka, dzuwa lingalowerepo. M'nyengo ya fumbi ikani kasiponji kopyapyala polowera mpweya.

Kuti mudziwe ngati galasi lafanana ndi mpweya, yezani. Choyezera kutentha cha waya ziwiri n'chabwino: mutu umodzi muumate kumbuyo kwa galasi ndi tepi n'kuuphimba ndi kathonje, wina ulendewere pamthunzi pafupi ndi mgolo. Kusiyana kukatsika kufika digiri imodzi, yambani. Choyezera cholozetsa chija cha ngati kamfuti musachilozetse pankhope ya aluminiyamu, chimanama, chifukwa chimawerenga kutentha kwa zinthu zimene galasi likuonetsa osati kwa galasilo.

Apa ndi pamene ayezi amalepherera. Galasi lozizirirapo ndi digiri imodzi kapena awiri silivuta kwenikweni, poti mpweya wozizira ndi wolemera, umangokhala phee pankhope. Koma ayezi amazizitsa malo amodzi ndi madigiri 20 kapena 30, galasi limapindika koopsa, ndipo limachita mame monga botolo lotuluka mufiriji. Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Marichi, mpweya uli ndi chinyezi, mame amagwa ngakhale mutangotsitsa madigiri ochepa. Mame akasakanikirana ndi fumbi amadya aluminiyamu.

Fumbi lenilenilo ndi nkhani ya kutentha: galasi lakuda limamwa kuwala kochuluka ndi kumwaza kotsalako. Kwa amene ali ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene fumbi la malasha limasakanikirana ndi la chilimwe, telesikopu izikhala yovindikira mbali zonse ikakhala sikugwira ntchito. Musapukute galasi louma ndi nsalu. Likada kwambiri, kamodzi pachaka n'kokwanira: lichotseni, litsukuluzeni ndi madzi oyera, liviikeni m'madzi a kadontho ka sopo wa mbale, yendetsani thonje pamwamba popanda kukanikiza, malizani ndi madzi oyeretsedwa ogulitsidwa othira m'batire, mutatsimikiza kuti si asidi, ndipo liumitseni choimika.

Malo ndi nthawi zimachita zambiri kuposa fani. Mpweya woipitsitsa umakhala pafupi ndi nthaka yotentha, n'chifukwa chake matelesikopu a dzuwa amamangidwa pansanja kapena pamadzi, monga ya ku Big Bear ku California imene ili m'nyanja, poti madzi safunda msanga ngati nthaka. Inu imikani telesikopu paudzu, osati pasimenti, pathanthwe kapena pabwalo la fumbi, ndipo dzuwa lisakhale pamwamba pa denga la malata la kalasi. Nthawi yabwino ndi ola limodzi mpaka atatu dzuwa litatuluka, nthaka isanapse. M'mawa mpweya umafunda mofulumira kuposa galasi, ndiye galasi limatsalira chozizirirapo, mbali yabwino ija, madzulo zimatembenuka. Ku Ulongué ndi ku Tsangano kuli pamtunda ndipo m'mawa kumazizira, ndiye muli pabwino kuposa anzanu a kuchigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40 ndipo nthaka imayamba kuvinitsa mpweya m'mamawa. Iwo azifulumira, kapena apeze malo oti dzuwa la m'mawa likhale pamwamba pa mtsinje. A kufupi ndi nyanja ya Cahora Bassa ali ndi mwayi womwewo. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni masana m'chigawo chino, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndiyo yoipitsitsa. Miyezi ya Meyi mpaka Julayi, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke, kumwamba kumayera bwino. Mungodikira nkhungu ya m'mawa ichoke.

Kagalasi kopendekeka kaja kakhoza kukonzeka ngati nkhope yake sinachite mawanga. Kachotseni mosamala osakhudza nkhope, palani zomatira zakale, ndipo kamateninso ndi timadontho titatu ta silikoni yoyera, kukula ngati nyemba yaing'ono. Ikani timitengo ta machesi pakati pa galasi ndi chogwirira kuti pakhale mpata wa mamilimita 1 mpaka 2, siyani tsiku lathunthu, kenako sololani timitengoto. Guluu wouma gwa musagwiritse ntchito: chitsulo ndi galasi zimafutukuka mosiyana, ndipo guluu wotere amapotoza galasi. Mfundo yomweyi igwire pagalasi lalikulu: tizitsulo toligwira m'mphepete tisalithine, pakhale mpata woti kapepala kalowe. Mukatero wongolani magalasi onse awiri kuti ayang'anizane bwino, ndipo yesani usiku pa nyenyezi yowala. Ichotseni pafokasi pang'ono: mphete zozungulira bwino zikutanthauza kuti zonse zili m'malo, mphete za makona atatu ndiye kuti galasi lathinidwa, kamzere kofuka ngati utsi mbali imodzi ndiye mpweya wofunda mumgolo, dikirani kapena yatsani fani. Kagalasi koonerapo kamene kananunkha kaja kayang'anitseni kuwala. Ngati malenzi achita chifunga kapena thovu mkati, guluu wake anapsa ndipo kafunika kena.